Bwalo la Masewera Nalonso ndi Kalasi



Mayeso a Sitandade 8 akayandikira, chimene chimayamba kuchotsedwa pa ndandanda m'sukulu zambiri ndi nthawi ya masewera. Cholinga chimakhala chabwino, koma ophunzira amalandidwa chinthu chimene chikadawathandiza kusunga zomwe awerenga.

Ubongo umalemera pafupifupi magawo 2 okha pa 100 alionse a thupi, komabe umagwiritsa ntchito magawo 20 pa 100 a mphamvu zake. Chakudya ndi mpweya zimaufikira kudzera m'magazi. Mwana akathamanga, akalumpha chingwe kapena akasewera fulaye mpaka kupuma mwawefuwefu, mtima umapopa magazi mwamphamvu, ndipo thupi limachulukitsa puloteni yotchedwa BDNF, imene imathandiza maselo a ubongo kukula ndi kulumikizana. Akabwerera m'kalasi, maganizo ake sabalalika msanga.

Phinduli silithera pa ana. Mu 2011, akatswiri otsogozedwa ndi Kirk Erickson wa ku University of Pittsburgh ku America adafalitsa zimene adapeza pa anthu achikulire 120. Theka la iwo linkayenda mwandawala katatu pa sabata, mpaka mphindi 40 ulendo umodzi. Patatha chaka, hippocampus, chigawo cha ubongo chothandiza kukumbukira, chidakula ndi magawo pafupifupi 2 pa 100, pamene cha anzawo amene ankangodziwongola chidachepa.

Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza mphindi 60 tsiku lililonse kwa ana a zaka 5 mpaka 17, ndi mphindi zosachepera 150 pa sabata kwa akuluakulu. Mlimi wogwira khasu ndi mayi wosenza ndowa kuchokera kumjigo amadutsa kale muyeso umenewu. Uphunguwu ngwa kalaliki, telala ndi mwini golosale amene dzuwa limawalowera ali pampando. Masewera salowanso m'malo mwa phala: mwana wanjala sangamve zophunzitsidwa, ngakhale atathamanga chotani.

Pempho likupita ku makomiti a VDC ndi ADC. Polemba mapulani a chitukuko, mabwalo a sukulu aikidwe m'gulu limodzi ndi mijigo ndi milatho, malire ake adziwike, ndipo asagawidwe mapuloti kapena kulimidwa chimanga. Aphunzitsi aakulu nawo asiye nthawi ya masewera pamalo pake, ngakhale m'teremu ya mayeso.