Mlimi Amene Adaiŵala Kupalira

M'dzina la Atate ndi la Mwana ndi la Mzimu Woyera. Amen.

Tiyambe ndi funso limene mphunzitsi aliyense wa katekisimu angathe kuyesa nalo ana ake. Muŵafunse kuti: "Kodi Mkatolika ndani?" Ambiri adzayankha msanga kuti: "Ife sindife ngati a mpingo wakutiwakuti aja, iwo alibe Misa, salemekeza Amai Maria, salapa kwa ansembe." Tsono muŵafunsenso kuti: "Nanga Ambuye Yezu adakuchitira chiyani iweyo?" Pamenepo mudzangomva zii. Ngati ana athu akudziŵa zolakwa za anzathu kupambana chifundo cha Mpulumutsi wao, ndiye kuti ife makolo ndi aphunzitsi taŵadyetsa madeya, ufa tausiya.

Taganizani za mlimi amene wakangana ndi mnzake pa nkhani ya malire a munda. M'maŵa uliwonse amanyamula khasu, koma m'malo mopalira amakakhala pa malire kuzonda mnzakeyo. Malirewo adzaŵasunga ndithu, koma pofika nthaŵi yokolola adzapeza kuti udzu ndi kaufiti zatha chimanga chake. Ndi m'mene umakhalira mtima wa Mkhristu amene chikhulupiriro chake changosanduka chida chotsutsira ena.

Ngozi yoyamba ndi kunyada. Pa Luka 18:9-14 tikumva za Mfarisi amene adakapemphera ku Nyumba ya Mulungu. Munthuyu sadaname: ankasaladi zakudya kaŵiri pa mlungu, ankaperekadi chachikhumi. Koma pemphero lake silikadatheka pakadapanda wokhometsa msonkho uja woti adziyerekeze naye. Maso ake anali pa munthu mnzake, osati pa Mulungu. Ndipo Ambuye akutiwuza kuti amene adabwerera kwao atakomera Mulungu ndi wamsonkhoyo.

Ngozi yachiŵiri njakuti timataya chuma chathu chomwe, chifukwa chongoona kuti mnzathu nayenso wachigwira. Mbiri ya Eklezia ikuchitira umboni. M'chaka cha 1517 Martin Luther adayamba kutsutsa zina za mu Eklezia ku Wittenberg, m'dziko la Germany, ndipo Akhristu a ku Ulaya adagaŵikana. Popeza otsatira ake ankalimbikira zoŵerenga Baibulo, kwa zaka mazana angapo Akatolika wamba ambiri ankayesa kuti kuŵerenga Baibulo pakhomo nkwa Aprotestanti okha. Mbali inayo, ambiri adaleka kutchula Amai Maria, chonsecho Luther mwini wake m'chaka cha 1521 adalemba buku lofotokoza mwaulemu nyimbo ya Amai athuŵa. Aliyense adasauka pothaŵa mnzake.

Mzimu Woyera sadatisiye m'umphaŵi umenewu. Pa 21 Novembala 1964, Papa Paul VI pamodzi ndi Aepiskopi a pa Msonkhano Wachiŵiri wa ku Vatican adalengeza kuti onse okhulupirira Khristu amene adabatizidwa moyenera ndi abale athu mwa Ambuye, ndiponso kuti pa kugaŵikana kuja anthu a mbali zonse ziŵiri adalakwapo. Pa 18 Novembala 1965 Msonkhano womwewo udalamula kuti Malembo Oyera atsekulidwe kwa Akhristu onse, nuvomerezanso kuti angathe kumasuliridwa mothandizana ndi abale a mipingo ina. Chipatso chake tili nacho m'manja: Buku Loyera, Baibulo la Chicheŵa lotuluka m'chaka cha 1998, adalimasulira limodzi Akatolika ndi Aprotestanti.

Musandimve molakwa, abale anga. Sindikunena kuti kusiyana kulibe. Pa Ukaristia ndi pa udindo wa Papa sitidagwirizanebe, ndipo kubisa zimenezi kungakhale kunama. Koma mwana wanu akafunsa chifukwa chake timagwada pamaso pa Sakramenti Loyera, mumuuze za Yezu amene adadzipereka kuti akhale chakudya chathu. Yankho limeneli nlokwanira palokha, silisoŵa kunyoza munthu.

Kumbukirani ku Namugongo, m'dziko la Uganda. Pa 3 Juni 1886 Mfumu Mwanga idatenthetsa anyamata Achikatolika ndi Achianglikani pa moto umodzi. Iwo adafera dzina la Khristu, ndipo motowo sudafunse za mpingo wao.

Tsono mlungu uno, banja lililonse litsekule Baibulo madzulo, liŵerenge za Mfarisi uja, ndipo aliyense adzifunse kuti: kukadapanda mpingo wina woti ndiziwutsutsa, kodi m'chikhulupiriro changa mukadatsala chiyani? Chimene chatsalacho ndiye munda wanu. Kaupalireni.

Tipemphere. Ambuye Yezu, Inu mudapempherera ophunzira anu kuti akhale amodzi. Chotsani maso athu pa zolakwa za abale athu, muŵalozetse pa mtanda wanu, kuti tidziŵike kuti ndife anu chifukwa cha chikondi. Amen.