Mwana Wocokera ku Cipatala ca Khansa

Mau okambidwa pa msonkhano wa aphunzitsi ku Kafue

M'caka ca 1958 dokotala Denis Burkitt, ali ku Kampala, anafotokoza za cotupa ca khansa cimene cimamera pa nsagwada za ana. M'caka ca 1961 anayendera zipatala za maiko ambiri, napeza kuti nthendayi icuruka kumene kuli kotentha ndi kwa mvula, kumenenso malungo ali ambiri. Dziko la Kafue, ndi madambo ace ndi udzudzu wace, liri lotero.

Lero ana odwala khansa amalandira mankhwala ku Lusaka, ndipo ena amabwerera ku sukulu cotupa citaphwa. Koma mwana wotere asayesedwe wolimba msanga. M'mwazi wa munthu muli zida zazing'ono zochedwa antibody, zimene zimazindikira tizirombo ta nthenda ndi kutigwira. Mankhwala akupha khansa amaononganso maselo opanga zidazi, kotero kuti zimacepa. Madokotala aona kuti ana amene zidazi zawacepera amadwaladwala, ndipo nthenda yaing'ono imawagoneka m'cipatala masiku ambiri. Zidazi zimabwerera pang'onopang'ono, kawirikawiri itapita miyezi 6 kufikira caka mankhwala atatha.

Tsono pa miyezi imeneyi mphunzitsi ali ngati mlonda wa pa cipata, pakuti ndiye akhala ndi mwanayo usana. Cikuku kapena katsabola zikabuka m'sukulu, auze makolo tsiku lomwelo, kuti mwana akhale kunyumba ndi kuti acipatala amve. Nthenda izi ana ena amacira nazo, koma wopanda zida angathe kufa nazo. Thupi la mwanayo likatentha kufikira madigiri 38, apite ku cipatala osadikira kuca; asangompatsa mankhwala oziziritsa thupi ndi kumgoneka. Mphunzitsi alimbikitsenso makolo a ana onse kuwabayitsa katemera, cifukwa anzace akatetezedwa, wofookayo atetezedwa nao. Koma katemera wa mwana wodwalayo aweruze ndi dokotala yekha.

Cotsiriza ndi ici: khansa siipatsirana. Mwana wothothoka tsitsi asasekedwe kapena kukhazikidwa payekha kumbuyo. Ana anzace aphunzitsidwe kusamba m'manja ndi kumlandira bwino. Akuru anati mwana wa mnzako ngwako yemwe, ndipo mwana uyu, amene walimbana ndi nthenda yaikuru, asatayike ndi yaing'ono ali m'manja mwa mphunzitsi.