Woitana ku Mapemphero Ayambe Wanena Dzina Lake

Mafumu, aphunzitsi, amai ndi abambo a ku Chikwawa ndi ku Nsanje:

Anthu a m'chigwa cha Shire sakana mlendo, ndiponso sakana mau a Mulungu. Mishoni inafika ku Lulwe m'chaka cha 1900, ndipo Dayosizi ya Chikwawa inakhazikitsidwa m'chaka cha 1965. Mipingo yotere ili ndi dzina, nyumba zake zimaoneka, ndipo abusa ake amadziwika kumene amagona. Munthu akadandaula amadziwa khomo logogoda.

Koma palinso kuitana kwa mtundu wina. Mlendo afika pa msika wa Bangula kapena pa Nchalo ndi kapepala konena kuti, "Bwerani mudzaphunzire Baibulo, galimoto idzakutengani." Pa kapepalapo palibe dzina la mpingo, palibe dzina la mbusa, ngakhale malo eni eni a msonkhano. Wina akafunsa, yankho lake ndi lakuti, "Mukaona komweko." Kuitana kotere kumakoma kwambiri pa nthawi ya mavuto, monga pamene madzi anasefukira m'zaka za 2015, 2019, 2022 ndi 2023, anthu nasowa pogona ndi chakudya. Munthu wanjala safunsa zambiri.

Tsono nkhani ya Tomo Nyirenda iyenera kukumbukiridwa. Munthuyu anali wa kumpoto kwa dziko lino, ndipo anaphunzira ku Livingstonia. M'chaka cha 1925 anafika pakati pa anthu a mtundu wa Lala, m'dziko limene tsopano ndi Zambia, nadzitcha Mwana Lesa, ndiko kuti Mwana wa Mulungu. Iye anaitana anthu ku ubatizo ndipo anapita mokondwa. Koma kumtsinjeko ubatizo unasanduka chida chofunira mfiti, ndipo amene iye anawaloza anamizidwa m'madzi mpaka kufa. Atawolokera ku Congo anaphanso anthu oposa 100. Boma linamnyonga ku Broken Hill, kumene lero ndi Kabwe, m'chaka cha 1926, pamodzi ndi mfumu Shaiwila imene inamthandiza. Apa pali phunziro kwa mafumu: kulola mlendo osamufunsa bwino ndi kusenza mlandu wake.

Zotere sizinathere kale. M'chaka cha 2023, m'nkhalango ya Shakahola ku Kenya, apolisi anayamba kufukula manda a anthu a mpingo wa Paul Mackenzie, ndipo mitembo inapyola 400. Anthuwo anauzidwa kusala kudya kufikira imfa kuti akaonane ndi Yesu. Ambiri anachoka kwao abale ao osadziwa kumene alowera.

Nkhani iyi siikuletsa munthu kupemphera kumene afuna. Malamulo akulu a dziko a 1994 amapereka ufulu wa chipembedzo kwa ali yense, ndipo mpingo watsopano kapena waung'ono suli woipa chifukwa cha kuchepa kwake. Chofunika ndi kufunsa, pakuti safunsa anadya phula. Mafunso ake ndi awa:

1. Dzina la mpingo ndi chiani, ndipo likulu lake lili kuti?
2. Mtsogoleri wake ndani, ndipo amdziwa ndani kuno?
3. Msonkhano uli pati, ndipo anthu adzabwerako liti?
4. Kodi mfumu ndi abusa a m'deralo auzidwa?
5. Kodi pakufunika ndalama, mbuzi kapena chiphaso cha munthu?

Mlaliki woona amakondwa ndi mafunso amenewa, nayankha poyera. Koma amene akwiya, kapena anena kuti, "Musauze amuna anu, musauze makolo anu," ameneyo wadziulula yekha. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Aphunzitsi achenjeze ana a sukulu, makamaka asungwana, kuti asakwere galimoto ya munthu wosadziwika chifukwa cha lonjezo la mapemphero, sukulu yaulere kapena nchito kutsidya kwa malire a Marka. Kutenga munthu mwachinyengo kukamgwiritsa nchito ndi mlandu waukulu pa lamulo la 2015 loletsa kugulitsa anthu. Wokaika auze nyakwawa kapena apite ku polisi msanga, mwana asanachoke pamudzi.

Mlendo apatsidwe mpando ndi madzi akumwa monga mwa mwambo. Akatha kumwa anene dzina lake, kumene achokera, ndi amene wamtuma.