Kodi Akumvera Ndani? Mawu Oyankhulidwa ku Nsanje



Inu amene munathawira kunja mukukumbukira kuti kuyambira 1968 wailesi ya MBC inkayankhula Chichewa ndi Chingerezi basi. Panalibe wofunsa ngati mayi woyankhula Chisena ku Marka akumva. Lero kuno tili ndi Nyanthepa ndi Gaka FM, komanso kwabwera mapologalamu a podcast omvera pa foni. Koma funso lidakalipo: akumvera ndani?

Kompyuta imawerenga mafoni amene atenga pologalamu pa intaneti, osati makutu. Foni imodzi pa msika wa Bangula imamvedwa ndi onse okhala pa benchi, ndipo pologalamu ikatumizidwa pa WhatsApp siiwerengedwanso. Chiwerengero chotere chimaona munthu wa m'tauni wogula bandulo, n'kuiwala agogo a kwa Ndindi.

Kalembera wa 2018 anapeza anthu pafupifupi 300,000 m'boma lino. Tiyeni tiwafunse khomo ndi khomo: mumamvera nthawi yanji, m'chiyankhulo chanji, ndipo wailesi amasunga ndani, bambo kapena mayi? Madzi osefukira a 2015 ndi namondwe Freddy wa 2023 anatiphunzitsa kuti chenjezo likapanda kufika kwa eni ake, timaika maliro.