KUKULA KWA MZINDA WA LILONGWE: MWAYI NDI ZOVUTA ZAKE

Akuluakulu akale adati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu uli woona ndithu pa nkhani ya kukula kwa mizinda m'dziko la Malawi, makamaka mzinda wa Lilongwe.

Pa kalembera wa chaka cha 1966, Lilongwe inali tauni yaing'ono ya anthu osakwana 20,000. Boma litatsimikiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba, lidakhazikitsa bungwe la Capital City Development Corporation m'chaka cha 1968 kuti limange mzinda watsopano, ndipo m'chaka cha 1975 Lilongwe idasanduka likulu la dziko. Pofika 1977 anthu adatsala pang'ono kukwana 100,000. Kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318, kuposa a mumzinda wa Blantyre amene adali 800,264.

Phindu la kukula kotereku n'losabisika. Mafakitale a ku Kanengo ndi misika ya fodya zalemba anthu ambiri ntchito. Mlimi wa kachewere ku Dedza ndi mlimi wa tomato ku Ntcheu amapeza ogula mumzindamu, ndipo ndalama zimene ana ogwira ntchito amatumiza kumudzi zimagula feteleza ndi kulipira sukulu. Komanso pamene anthu akhala mothithikana, mpope umodzi, chipatala chimodzi kapena sukulu imodzi imatumikira mabanja ochuluka pa mtengo wochepa.

Koma matope nawo afika. Anthu achuluka msanga kuposa nyumba, misewu ndi mipope. Ambiri amakhala m'malo monga Mtandire, Mgona, Chinsapo ndi Kauma, kumene nyumba zidamangidwa popanda mapulani, ndipo chimbudzi chokumba chimayandikana ndi chitsime. Mliri wa kolera wa m'zaka za 2022 ndi 2023, umene udapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, udasautsa kwambiri malo otere.

Vuto lina ndi la madzi. Mzindawu umamwa madzi a mtsinje wa Lilongwe, umene gwero lake lili m'nkhalango ya Dzalanyama, ndipo amasungidwa m'madamu awiri a Kamuzu ku Malingunde. Koma makala amene mabanja ambiri amaphikira amachokeranso m'nkhalango yomweyo. Mitengo ikatha, mvula imakokolola nthaka n'kukwirira madamu, ndipo m'chilimwe mtsinje umaphwa. Zinthu zidafika poipa kotero kuti m'chaka cha 2015 asilikali adatumizidwa kukalonda nkhalangoyi. Choncho thumba la makala logulidwa lero lingathe kuumitsa mpope wa mawa.

Nako ku Blantyre, namondwe Freddy adaonetsa mu 2023 kuopsa komanga m'mapiri ometedwa, pamene matope ochokera m'phiri la Soche adakwirira nyumba ndi anthu ku Chilobwe.

Mzinda sungatsekedwe ndi mpanda ngati khola, pakuti munthu amapita kumene akuona kuti apeza chakudya. Chofunika n'chakuti makhonsolo, mogwirizana ndi mafumu, azidula mapuloti ndi kufikitsa misewu, ngalande ndi madzi anthu asanayambe kumanga, popeza kuwongola malo omangidwa kale kumadya ndalama zambiri. Magetsi ndi gasi zikatsika mtengo, nkhalango zidzapuma. Ndipo matauni monga Kasungu, Salima, Liwonde ndi Karonga akakhala ndi ntchito zokwanira, mnyamata womaliza sukulu adzatha kupeza zochita pafupi ndi kwawo, osathamangira ku likulu kukachita lendi kachipinda m'mphepete mwa mtsinje wa Lingadzi.