Mpweya wa m'Mwazi wa Khanda Lobadwa Losalira



Munthu wogwira nchito pansi pa mgodi adziwa kuopsa kwace kwa mpweya wochedwa carbon dioxide, umene ukacuruka uzimitsa nyali ndi kukomola munthu. Koma mpweya womwewo uli m'mwazi wa munthu ali yense, ndipo uli ndi nchito yace. Ukacuruka, mitsempha ya ku bongo itanuka. Ukacepa, mitsemphayo ifinyika, ndipo mwazi wofika ku bongo ucepanso.

Khanda likacedwa kupuma pobadwa, bongo wace usowa mpweya wa moyo, ndiwo oxygen, nuvulala. Mwazi wace usasa, ndipo thupi, pofuna kucotsa kusasako, lipuma msanga-msanga ndi kutaya carbon dioxide wambiri. Makina othandiza kupuma akhoza kutayitsa winanso. Adotolo apeza kuti makanda amene mpweyawu unawacepera kwambiri ndiwo afa kapena kupunduka kawiri-kawiri koposa anzao.

Cifukwa ca ici adotolo a pa Semmelweis University, mu mzinda wa Budapest ku Hungary, anayesa kupumitsa makanda 10 otere mpweya wosanganiza, umene magawo 5 mwa 100 anali carbon dioxide, kwa maora osapitirira 12, napima mwazi wao nthawi ndi nthawi. M'caka ca 2020 analengeza kuti mpweyawo unakhala pa muyeso woyenera nthawi yotalikirapo. Koma makanda 10 ndi owerengeka. Kuyesako kunali kofuna kuona ngati njirayo itheka. Sikunatsimikize kuti iciritsa bongo.

Tsono pasakhale munthu wonyengedwa. Iyi ndi nchito ya m'cipatala cokhala ndi makina opimira mwazi. Mbaula ya makala yoikidwa m'nyumba yotseka iturutsa mpweya wina, carbon monoxide, umene ulibe fungo ndipo upha mwana ndi amace omwe.

Nanga banja la ku Chongwe licite ciani? Khanda lodwala cotere likhoza kutumizidwa kucokera ku Chongwe District Hospital kunka ku zipatala zazikuru za ku Lusaka, monga University Teaching Hospital, ulendo wa makilomita monga 45 pa mseu wa Great East. Koma cithandizo coposa conse cicitika pamalo pobadwira, m'mphindi yoyamba. Mzamba wophunzira apukuta mwana ndi kumsisita pamsana. Akapanda kupuma, amuuzira mpweya wamba ndi kathumba kopopera. Makanda ambiri ayamba kulira ndi cithandizo cokhaci.

Motero mwamuna amene ali kutali pa nchito atumiziretu ndarama ya ulendo, kuti mkazi wace akafike ku cipatala tsiku lisanakwane. Ndipo khanda likalephera kuyamwa, likalefuka, kapena likagwidwa ndi linjirinjiri, abale asayembekeze kuti kuce.