Kuwala kobiriwira kwa laser kumachokera mu kamwala ka phosphate



Okonda mpira mukukumbukira masewero a Senegal ndi Egypt mu Marichi 2022. Mohamed Salah akukonzekera kumenya penate, nkhope yake inadzaza madontho obiriwira a ma laser omwe ochemerera ankamuunika nawo. Penate ija anaphonya. Lero tiyeni tione zomwe zili mkati mwa ka laser kotere.

Kuwala kumayenda ngati mafunde, ndipo kutalika kwa funde lililonse kumayezedwa mu ma nanomita. Diso lathu limaona kuyambira pa 400 mpaka cha m'ma 700 basi. Kupitirira apo ndi infrared, kuwala komwe kulipo ndithu koma sitikuona.

Mu ma laser ambiri obiriwira, batire imayatsa diode yotulutsa kuwala kwa ma nanomita 808. Kuwalako kumalowa mu kamwala kokhala ndi neodymium, n'kutuluka kuli pa 1064. Mpaka apa palibe chobiriwira chilichonse. Ntchito yomaliza imagwiridwa ndi kamwala kena kotchedwa KTP, dzina lonse potassium titanyl phosphate. Phosphate yake ndi yomweyi ili mu feteleza komanso m'mafupa ndi m'mano athu, koma KTP sakumba pansi ayi, amachita kupanga mu labotale pa moto wamphamvu.

Chinsinsi chili pa momwe ma atomu anasanjidwira. Phosphorus aliyense wazunguliridwa ndi ma oxygen anayi, titanium ndi ma oxygen asanu ndi limodzi, pomwe potassium amakhala m'timipata totsala. Koma titanium uja sakhala pakatikati penipeni, amapendekera mbali imodzi. Kupendekerako kumachititsa kuti kuwala kwamphamvu kukadutsa, tizigawo tiwiri ta infrared tiphatikizane n'kukhala kamodzi ka mphamvu zowirikiza kawiri. Funde limafupika ndi theka: 1064 ija imasanduka 532, womwe ndi mtundu wobiriwira. Mchere wothira m'ndiwo sungachite zimenezi chifukwa ma atomu ake anakhala mofanana mbali zonse.

Tsono apa ndi pomwe ndikufuna mumvetsetse. KTP sasintha infrared yense, wina amadutsa osasinthika. Ma laser abwino amakhala ndi kagalasi kotchinga infrared wotsalayo, koma ena otchipa alibe. Kuwala kowoneka kukakuthobwa umaphethira kapena kutembenuka, eti? Infrared sakupatsa chenjezo limenelo. Amalowa mwakachetechete n'kuwotcha kumbuyo kwa diso, komwe kumatchedwa retina, ndipo malo owotchedwawo nthawi zambiri sabwerera mwakale. Ka laser kakhoza kuoneka kofooka pomwe kakutulutsa infrared wambiri.

Choncho anzanga, osamuunika mnzanu kumaso, ngakhale mocheza. Osaloza woyendetsa galimoto kapena ndege. Kunyumba mukapeza mng'ono wanu akuseweretsa, mulandeni, ndipo mumufotokozere chifukwa chake monga ndakufotokozeraninso pano.

Amene ali ndi funso akweze dzanja.